Lupanga ndi Khasu: Mafilimu a Asamurai Oyenera Kuonera

Munthu akatsika minibasi pa Manjawira dzuŵa litapendeka, monga zimakhaliranso pa malo ena a malonda a m'mbali mwa mseu wa M1, makutu ake amalonjeredwa ndi phokoso lochokera m'kanyumba ka vidiyo: zitsulo zikugundana, mfuu ya munthu amene akugwa, ndi liu la mnyamata womasulira amene akusandutsa zonsezo kuti zikhale nthabwala za Chicheŵa. Pakhomo pamakhala ana osoŵa ndalama yoloŵera, akusuzumira pa mng'alu wa chitseko. Mukaŵafunsa kuti m'katimo muli filimu yanji, yankho limakhala limodzi: "Ya Matchaina." Kwa iwo aliyense wa ku Asia wodziŵa kulumpha ndi kuponya mwendo ndi Mtchaina basi, ndipo filimu yokoma ndi imene mwafa anthu ambiri.

Makolo anzathu ambiri adaweruza kale mlandu umenewu, ndipo sitiŵadzudzula. Tonse taonapo mwana wotuluka mu vidiyo akuyesera mateche pa mng'ono wake. Koma kuletsa kokha sikudapindulepo kanthu, pakuti mwana amene mwamtsekera khomo la vidiyo amakaonera zomwezo pa foni ya mnzake kuseri kwa sukulu. Chimene chasoŵa ndi munthu wamkulu woti anene kuti filimu iyi ndi mphale, iyo ndi madeya, natchulanso chifukwa chake. N'chifukwa chake tati titchule mafilimu angapo akale a ku Japan onena za asamurai. Nkhondo ilimo, malupanga alimo, imfa ilimo. Koma amasiyana ndi anzao pa chinthu chimodzi chachikulu, ndicho chakuti amaŵerengera mtengo wa lupanga, naonetsa poyera amene amalipira mtengowo.

Tiyambe talekanitsa zimene ana adasakaniza. Bruce Lee ndi Jackie Chan adatchukira ku Hong Kong, Jet Li ndi wa ku China, ndipo American Ninja ya 1985, imene idazunguza mitu ya anyamata ambiri, adaipanga ndi Aamerika. Japan ndi dziko lina, la chilankhulo china ndi mbiri ina. Ife timalidziŵa kwambiri chifukwa cha magalimoto a Toyota odutsa pamseu usana ndi usiku, ndiponso chifukwa cha achinyamata ake odzipereka amene akhala akubwera kudzathandiza m'masukulu ndi m'zipatala za m'Malaŵi kuyambira 1971. Asamurai adali mtundu wa ankhondo a dzikolo: munthu ankabadwira m'menemo, ankatumikira mfumu yake, ndipo ankavala malupanga aŵiri, lalitali ndi lalifupi. Malipiro ake ankayesedwa ndi mpunga, pa muyeso wotchedwa koku, umene unkaimira chakudya cha munthu mmodzi cha chaka chathunthu. Ndiye kuti samurai ankadya thukuta la mlimi. Mfumu yake ikagonja kapena kulandidwa dziko, iye ankasanduka ronin, wankhondo wopanda mbuye, woyendayenda ndi lupanga m'chiuno ndi njala m'mimba.

Ife a ku Ntcheu nkhani yotere siyenera kutichititsa chilendo. Boma la Japan lidaletsa asamurai kuyenda ndi malupanga m'chaka cha 1876. Patangopita zaka 20, mu 1896, Angelezi adapha Inkosi Gomani, ndipo nthaŵi ya ankhondo a Chingoni idathera pomwepo. Chishango, nthungo ndi chibonga zidatsalira m'gule wa ngoma, monga momwe lupanga la samurai lidatsalira pa kanema. Tikanena zoona, ambiri a ife tili ndi magazi a mbali zonse ziŵiri: a amene ankabwera ndi nthungo, ndi a amene ankathaŵira kumapiri atasiya nkhokwe zodzaza. Funso lakuti wankhondo ali ndi ngongole yanji kwa mlimi ndi lathu ndithu, ngakhale kuti pa bwalo la ngoma sitilifunsa.

Pali chifukwa chinanso chimene mafilimu ameneŵa ali olemera. Adapangidwa ndi anthu amene adaona ndi maso ao kumene kupembedza ankhondo kudalifikitsa dziko lao: kugonja kwa 1945, ndi mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki itasanduka phulusa. Aamerika atalamulira Japan kuyambira 1945 mpaka 1952, adaletsa mafilimu otamanda malupanga ndi kukhulupirika kwa mfumu kopanda kufunsa. Chiletso chitachoka, akatswiri adabwerera ku nkhani za asamurai, koma ena mwa iwo adabwerera ndi mafunso.

Woyamba kuonera akhale Seven Samurai, ndiye kuti asamurai asanu ndi aŵiri, imene Akira Kurosawa adatulutsa mu 1954. Nkhani yake ndi ya zaka za m'ma 1580, pamene Japan idali m'nkhondo zapachiŵeniŵeni. Achifwamba 40 okwera pa akavalo adaima pamwamba pa phiri nayang'ana kamudzi ka m'chigwa, napangana kuti adzabwere barele akadzacha. Mlimi wina amene adabisala patchire adamva zonse. Kudandaula kwa mfumu ya dera kudali kutaya nthaŵi, pakuti iyo inkafika achifwamba atapita kale. Nkhalamba ya m'mudzimo idalangiza kuti akafune asamurai oŵateteza, ndipo popeza mudzi udalibe ndalama, akafune asamurai anjala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: alimi anai adanyamula mtsuko wa mpunga napita kumzinda.

Ola lonse loyamba ndi la kufunafuna kumeneku, ndipo mwana wozoloŵera vidiyo adzayamba kuyasamula. Mlimbikitseni, pakuti m'menemo ndimo muli mtima wa filimu. Alimi aja ankaphikira alendo ao mpunga woyera, iwo eni nadya maŵere. Tsiku lina mpunga uja udabedwa, ndipo timaona mlimi wokalamba, Yohei, atagwada pansi akutola timbeu totsalira kamodzikamodzi. Amene adakhalapo m'chaka cha njala sasoŵa womasulira pamenepa. Samurai woyamba kuvomera ndi Kambei, munthu wachikulire amene adamenya nkhondo zambiri ndi kugonja pa zambiri. Woseŵera wake ndi Takashi Shimura. Timakumana naye akumeta tsitsi lake, chizindikiro cha ulemu wa samurai, kuti aoneke ngati wansembe wa Chibuda ndi kupulumutsa mwana amene mbala idamtsekera m'khumbi. Asanasolole lupanga n'komwe tadziŵa kale kuti ndi munthu wotani: ulemu wake adauika pansi chifukwa cha mwana wa eni. Pambuyo pake, atamva kuti alimi akudya maŵere kuti iye adye mpunga, adanyamula mbale ija navomera ntchito yopanda malipiro ndi yopanda mbiri.

Nkhondo ya m'filimu imeneyi ndi ntchito, monga kulima kuli ntchito. Kambei amayendera mudzi wonse ndi mapu m'manja: kuno amange mpanda, uko adzaze minda ndi madzi, mlatho augwetse, nyumba zitatu za kutsidya azisiye. Alimi amaphunzira kugwira mikondo ya nsungwi. Mbali imodzi amaisiya dala yotsekula kuti achifwamba aziloŵa mmodzi kapena aŵiri, ena n'kutsekeredwa kunja. Pa pepala adajambulapo timizere tozungulira 40, ndipo wachifwamba akafa amafafaniza kamodzi. Woonera amadziŵa nthaŵi zonse kuti atsala angati, ali kuti, ndipo mudzi wataya yani. Yerekezani ndi mafilimu amene munthu mmodzi amagwetsa adani 200 osatopa, adaniwo alibe maina, alibe amai ao. Pano imfa iliyonse imaŵerengedwa, ndipo ya kumbali ya mudzi imakumbiridwa manda.

Koma Kurosawa sadaŵasandutse alimi kukhala angelo. Mwa asanu ndi aŵiriwo muli Kikuchiyo, chidakwa chaphokoso chonyamula lupanga lotalika kopambana muyeso, amene Toshiro Mifune adamseŵera mochititsa kaso. Iyeyu adatulukira zida za asamurai zobisidwa m'mudzimo, ndipo anzake adazindikira kuti alimi adazivula kwa asamurai ogonja amene adaŵapha akuthaŵa. Mkwiyo utabuka, Kikuchiyo adaŵatembenukira: adavomera kuti alimi ndi onama, oumira ndi obisa chakudya pansi, koma adafunsa kuti adaŵasandutsa otero ndani, ngati si asamurai omwe amene amatentha midzi, kulanda zokolola ndi kutenga akazi. Apo m'pamene Kambei adazindikira kuti Kikuchiyo ndi mwana wa mlimi wongodzitcha samurai. Sitidziŵa filimu ina yankhondo imene imaima pakati kuti iimbe mlandu ngwazi zake zomwe.

Pali kachigawo kena kamene tikupempha kuti makolo aonere pamodzi ndi ana osinkhuka, kenaka akambirane. Wachifwamba mmodzi adagwidwa wamoyo namangidwa. Mudzi wonse udathamangira kuti umuphe, asamurai natchinga, ponena kuti wogwidwa saphedwa. Kenaka gulu lidapatuka, ndipo padatulukira gogo wina wofooka, amene achifwamba adamphera mwana, atanyamula khasu. Palibe adamletsa. Kurosawa sakondwerera pamenepo, ndipo satukwana gogoyo. Amangotionetsa nkhope za asamurai zitagwa. Ife amene tidamva m'njala ya 2002 za anthu ovulazidwa ndi kuphedwa chifukwa cha chimanga chachiŵisi cha m'munda, ndipo timamvabe za oganiziridwa kuba akuotchedwa pamisika, tikudziŵa kuti mkwiyo wa munthu woberedwa ndi weniweni, ndiponso kuti chimene gulu limachita nawo n'choopsa. Filimu imagwira zonse ziŵiri osataya chimodzi.

Nkhondo yomaliza idajambulidwa m'chimvula, anthu ndi akavalo akuterereka m'matope, ndipo mpaka lero opanga mafilimu amaiphunzira. Asamurai anai adafa, ndipo onse anai adafa ndi mfuti, osati lupanga. Ngakhale Kyuzo, katswiri wofatsa amene moyo wake wonse adaupereka ku luso la lupanga, adagwa ndi chipolopolo cha munthu wobisala m'nyumba. Mfuti zimenezi zidafika ku Japan mu 1543 ndi Apwitikizi, omwe aja amene nthaŵi imeneyo adali atafika kale ku Sena ndi ku Tete. Tingopatuka pang'ono: zombo zomwezo zidafikitsa ku Japan mu 1579 munthu wakuda wotchedwa Yasuke, amene adatsagana ndi wansembe wa Chijezuiti, Alessandro Valignano, ndipo kuyambira 1581 adatumikira mfumu yankhondo Oda Nobunaga mpaka imfa ya mfumuyo mu 1582. Mjezuiti wina wolemba mbiri mu 1627 adati munthuyu adali wa ku Mozambique. Tsono dziko la m'filimu imeneyi silili kutali ndi ife monga momwe timaganizira.

Pomaliza alimi akuoka mpunga, ng'oma ikulira, akuimba. Asamurai atatu otsala aima pambali, palibe woŵayang'ana, ndipo Kambei amavomera kuti opambana ndi alimi, osati iwo. Kumbuyo kwao kuli mitumbira inai, uliwonse ndi lupanga lozikika pamwamba. Aamerika adaibwereza nkhaniyi mu 1960 pa dzina lakuti The Magnificent Seven, akusintha malupanga kukhala mfuti. Ndi filimu yosangalatsa, koma njala ya alimi idachepamo, ndipo pamodzi ndi njalayo mudachoka zambiri.

Yojimbo ya 1961, ya Kurosawa yemweyo, ndi yaifupi, yoseketsa, ndipo anyamata adzaikonda msanga. Ronin wina, Mifune yemwe uja, adafika m'katauni kamene mabwana aŵiri a juga ankalimbirana, aliyense ndi gulu lake la anyamata olembedwa ganyu. Chomulonjera choyamba adali galu wothamanga ndi dzanja la munthu kukamwa. Msika udafa, anthu adadzitsekera m'nyumba, wapolisi wa pamalopo adali m'thumba mwa mabwana, ndipo wopindula yekha adali mmisiri wa mabokosi a maliro. Iyenso pambuyo pake adadandaula kuti anthu akamafa ochuluka chotere palibenso wogula bokosi. Ronin uja adadzigulitsa kwa mbali zonse ziŵiri mosinthanasinthana mpaka zidathana zokha. Aliyense amene adaonapo anyamata atanyamulidwa pa lole, zikwanje m'manja, kukamenyera nkhondo ya munthu amene iye mwini ali m'nyumba yozizira, adzaizindikira tauni imeneyi.

Tili ndi mau aŵiri pa Yojimbo, lina loyamika lina lochenjeza. Loyamika ndi la kamnyamata ka pachiyambi, mwana wa mlimi, amene adakangana ndi atate ake ponena kuti sangathe moyo wake wonse akudya phala, nathaŵira kwa a juga. Pa nkhondo yomaliza ronin adakapeza kakunjenjemera, ndipo m'malo mokapha adakathamangitsira kwa amake, kuti kakadye phala lomwelo ndi kukhala ndi moyo wautali. Lochenjeza n'lakuti m'filimu imeneyi kupha kumakoma m'maso, ndipo woonera amaseka pamene sayenera kuseka. Kuchokera pano mpamene padaphuka ngwazi yosalankhula, yopha mosaphethira, imene Sergio Leone adaitengera mu A Fistful of Dollars ya 1964 ndi Clint Eastwood, ndipo zidzukulu zake ndizo zadzaza m'nyumba za vidiyo. Zikuoneka ngati Kurosawa mwini adaiona ngoziyo, pakuti mu Sanjuro ya 1962 adambwezanso ronin yemweyo kuti akadzudzulidwe ndi mai wachikulire wofatsa, amene adamuuza kuti ali ngati lupanga losololedwa, pamene lupanga labwino limakhala m'chimake. Kumapeto ronin adakakamizidwa kumenyana ndi mdani wake. Aŵiriwo adaima duu nthaŵi yaitali, kenaka kudali kutema kumodzi, magazi n'kuthovoka. Anyamata oonerera atayamba kutama, iye adaŵakalipira. Chomvetsa chisoni n'chakuti otsanzira ambiri adatengapo magaziwo nasiya kukalipirako.

Filimu yoŵaŵa koposa zonse, imene ife tikuiyesa yoposa ngakhale zina za Kurosawa, ndi Harakiri ya 1962, ya Masaki Kobayashi. Iyi si ya ana ai. Kobayashi adatengedwa usilikali pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, natumizidwa ku Manchuria, ndipo adakana kukwezedwa pa udindo chifukwa sadagwirizane ndi nkhondoyo. Nkhani yake ndi ya 1630, nthaŵi ya mtendere, pamene asamurai zikwizikwi adasoŵa ntchito mafumu ao atalandidwa maiko. Ena mwa iwo, njala itaŵapanikiza, ankapita kunyumba ya mfumu yolemera kukapempha malo oti adziphere mwaulemu podzitumbula pamimba, ali ndi chiyembekezo chakuti eni nyumba aŵapatsa kandalama kuti achoke. Akuluakulu a banja la Ii adaganiza zopereka phunziro. Mnyamata wina, Motome, atabwera ndi pempho lotere, adamkakamiza kuti achitedi zimene adanena. Adapempha tsiku limodzi kapena aŵiri, iwo adakana. Atapeza kuti malupanga ake adali a nsungwi, adamseka, namuumiriza kuti adziphe ndi nsungwi yomweyo.

Patapita miyezi kudabwera ronin wachikulire, Hanshiro, amene Tatsuya Nakadai adamseŵera, ndi pempho lomwelo. Atakhala pakati pa bwalo adapempha kuti ayambe wasimba mbiri yake, ndipo pang'onopang'ono zidadziŵika kuti Motome adali mkamwini wake. Mnyamatayo adagulitsa malupanga ake kuti apezere thandizo mkazi wake wodwala. Tsiku lija adapita kwa a Ii chifukwa khanda lao lidali ndi malungo aakulu ndipo ndalama ya sing'anga padalibe. Khanda lidafa, mai wake adatsatira. Chimene chimalasa mtima n'chakuti Hanshiro sadzudzula a Ii okha. Amadziimbanso mlandu iye mwini, kuti m'masautso onsewo sadaganizepo zogulitsa lupanga lake, pamene mkamwini wake adaona msanga kuti moyo wa mkazi ndi mwana uposa chitsulo. Pambuyo pake adaponya pansi tsitsi la akuluakulu atatu amene adazunza Motome, limene adaŵameta ataŵagonjetsa, iwo nabisala m'nyumba ponamizira matenda. Pa nkhondo yomaliza adagwetsa chovala chankhondo cha makolo a banjalo, chimene onse ankachigwadira, ndipo chidaoneka kuti m'kati mwake mulibe kanthu. Madzulo ake bwalo lidasesedwa, chovala chidaimikidwanso, ndipo m'buku la banja mudalembedwa kuti anthu ao adafa ndi matenda.

Filimu imeneyi, imene idalandira mphotho yapadera ku Cannes mu 1963, siitamanda kudzipha. Imavula mwambowo ndi kuonetsa kuti udali chida cha olemera chotetezera dzina lao. Ifenso tili ndi zathu zimene timazitcha ulemu wa banja kapena mwambo wa makolo, zimene nthaŵi zina zimateteza dzina la akuluakulu pamene mkazi wamasiye akulandidwa mbuzi ndi malata. Woonera Harakiri adzadzifunsa yekha kuti mwa zimene timagwadira, n'ziti zili ndi munthu m'kati. Tichenjeze kuti chigawo cha nsungwi chija n'chovuta kuchipirira ngakhale kwa wamkulu, ndipo m'nyumba imene mudagwapo tsoka la kudzipha, nkwabwino kuyamba mwaganiza musanaiike.

Zotsalazo tingozitchula mothamanga. Ana a sekondale amene adaŵerengapo Macbeth ya Shakespeare aonere Throne of Blood ya 1957, m'mene Kurosawa adasamutsira nkhaniyo ku nkhungu ndi nkhalango za Japan. Mivi imene imagwera Mifune kumapeto idali yeniyeni, yoponyedwa ndi akatswiri a uta, ndipo mantha a pankhope pake si ongoseŵera okha. Ran ya 1985, ya mitundu yoŵala, idatsamira pa King Lear: mfumu yokalamba idagaŵira dziko ana ake atatu, niŵaonetsa kuti mivi itatu yomangidwa pamodzi siithyoka, wamng'ono adaithyola pa bondo kuti achenjeze atate ake kuti ana oleredwa m'nkhondo sadzagwirizana, ndipo chifukwa cha choonadi chimenecho adapirikitsidwa. Mabanja amene adalimbiranapo munda kapena ufumu adzaimva msanga, ngakhale ili yolemetsa mtima ndi yamagazi. Ya banja lonse, ana ndi agogo omwe, ndi The Hidden Fortress ya 1958, yosimbidwa kudzera mwa alimi aŵiri adyera ndi amantha amene akuperekeza mwana wamkazi wa mfumu osadziŵa. George Lucas adavomera kuti adatengako nzeru popanga Star Wars ya 1977. Ndipo ngakhale si yakale kwenikweni, sitingasiye The Twilight Samurai ya 2002, ya Yoji Yamada, yonena za samurai wosauka wolemba za m'nkhokwe ya mfumu, amene adagulitsa lupanga lake kuti alipire maliro a mkazi wake, ndipo akaŵeruka amathamangira kunyumba kukasamala ana aakazi aŵiri ndi mai wake woiŵalaiŵala, anzake akupita kumoŵa namseka. Abambo anzathu, imeneyi ndi yathu.

Si kuti filimu iliyonse ya samurai ndi yabwino. Za Zatoichi, wakhungu wodziŵa lupanga amene Shintaro Katsu adamseŵera m'mafilimu 26 kuyambira 1962 mpaka 1989, n'zosangalatsa, ndipo munthuyo ali ndi chifundo kwa osauka, koma mukaonera zitatu mwaona zonse. Za Lone Wolf and Cub, zoyamba mu 1972, zili ndi luso, koma magazi ake ndi ongokometsera, ndipo m'nyumba ya ana zisaloŵe. Ngakhale zabwino zija zili ndi chilema chake: akazi amalankhula pang'ono. Mu Seven Samurai mkazi ndi wobisidwa, wolandidwa kapena wolira. Mtsikana Shino adametedwa ndi atate ake kuti aoneke ngati mnyamata poopa asamurai omwewo, ndipo mkazi wa mlimi Rikichi, amene achifwamba adamtenga, adabwerera m'moto osanena liu ndi limodzi lomwe. Kuno kwathu, kumene amai ndiwo agwira khasu kopambana, ndiponso m'midzi yambiri munda umatsata mbumba, mwana wamkazi woonera ali ndi ufulu wofunsa kuti nanga nkhani ya amai a m'mudzi uja adzaisimba ndani.

Zovuta za kaoneredwe nazo tisazibise. Ambiri mwa mafilimu ameneŵa alibe mitundu, ndi akuda ndi oyera, ndipo mwana adzati vidiyo yaonongeka. Amalankhula Chijapani, mau a Chingelezi nalembedwa m'munsi, choncho pafunika mmodzi wodziŵa kuŵerenga msanga akhale pafupi ndi kanema kuti azifotokozera ena. Seven Samurai ndi ya mphindi 207, kupitirira maola atatu, ndipo batire ya sola siingakondwe nayo. Mwai wake ngwakuti ili ndi popumira pakati, ndiye mungathe kuigaŵa mausiku aŵiri, kusonkhanitsa asamurai ndi kukonzekera Loŵeruka, nkhondo Lamulungu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa anyamata okopera mafilimu m'mamemori sizipezeka kaŵirikaŵiri, popeza palibe amazifunsa. Koma wamalonda amasunga chimene anthu akufuna, ndipo mabanja asanu akafunsa dzina limodzimodzi sabata imodzi, adzalifunafuna.

Pempho lathu lomaliza lipite kwa anyamata omasulira mafilimu m'Chicheŵa. Ntchito yao sitiinyoza. Adatsekulira agogo ndi ana nkhani zimene chilankhulo chidaŵatsekera, ndipo ena mwa iwo ali ndi lilime lakuthwa kuposa olemba ambiri. Tikadakonda kumva Kikuchiyo akukalipa m'Chicheŵa cha ku Ntcheu, pakuti munthu ameneyo adabadwira nthabwala zao. Koma chizoloŵezi chao n'chakuti pasakhale mphindi yachete, paliponse aikepo mau, moni kwa anzao kapena kutsatsa malonda. Mafilimu aŵa sangapirire zimenezo. Mukadzafika pamene Yohei wagwada akutola mpunga pansi, kapena pamene gogo uja akudutsa pakati pa gulu ndi khasu lake, achimwene, chotsani pakamwa pa maikolofoni, anthu aone okha.